Bokosi lopanda nkhope m'nyumba ya agogo

Kompyutayo ndinaipeza pansi pa tebulo kuntchito kwathu ku Mponela, kumene timasindikiza mapepala, kujambula zithunzi ndi kukonza mafoni. Kanali kabokosi kakuda, kukula kwake ngati Baibulo la paguwa. Abwana anali ataisiya chifukwa inkachedwa. Nditawapempha anangoti, "Tenga, koma usadzabwere nayonso kuno."

Nthawi imeneyo maso a agogo anga, amene anandilera, anali atayamba kuchita chifunga. Buku la nyimbo ankalitsegulabe m'mawa uliwonse, koma ndinaona kuti tsamba silinkasintha. Ine ndinali ndi Baibulo lowerengedwa mokweza, nyimbo za makwaya a kwathu, ndi zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe zimene ndinkajambula kumudzi. Zonsezi zinali zomwazikana m'foni ndi m'mafulashi amene amafa osatsanzika. Chipinda chimene ndinkachita lendi chinkadontha, pamene kwa agogo, kumtunda kwa Nachisaka, ndinali nditaika sola padenga. Ndiye ndinaganiza zosandutsa kabokosi kaja seva, kutanthauza kompyuta yongokhala pamalo amodzi, yosazima, yosunga zinthu ndi kuzigawira mafoni ndi makompyuta ena.

Pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta ndinaiikira kuntchito komweko. Poika imafunsa mafunso angapo, ndipo chakumapeto imakuonetsa tsamba la mapulogalamu oti usankhe, lililonse ndi kabokosi kake. Ukafuna, umaikamo kanyenyezi. Pamwamba penipeni panali desikitopu, chimene chimapatsa kompyuta zithunzi, mawindo ndi kamuvi koyendetsa ndi mausi. Abwana anaima kumbuyo kwanga akudya chimanga chootcha.

"Chotsa ako," anatero akuloza ndi chitsononkho. "Seva sifuna nkhope. Nkhope imadya memore, imadya batire. Kasola kako kaja kangadyetse nkhope?"

Ankanena zoona. Ndinachotsa kanyenyeziko. Zitatha, panatsala mdima ndi tizilembo toyera, ndipo sikirini ndinaibweza pashelefu ya kuntchito. Ndinakonza zoti m'mawa ndi madzulo bokosilo lizidziyambira lokha kuwerenga chaputala chimodzi ndi kuimba nyimbo pa kasipika, kuti agogo asavutike ndi kukanikiza chilichonse.

Ndinapita nalo kumudzi mvula ili pakati. Agogo analipapasa mbali zonse.

"Amunanga," anatero, pakuti ndi mmene amanditchulira chiyambire ndili wamng'ono, "wailesi yanji yopanda potsegulira?"

"Imatsegula yokha, agogo."

"Ndiye yaposa iwe. Iwe mpaka munthu akufunse kawiri."

Ndinaliika pampando pabalaza. Koma agogo chinthu chamtengo sachisiya pabalaza. Nditangochoka, analikulunga m'chitenje n'kulilowetsa kunsi kwa bedi, pafupi ndi batire la sola, limene linkakhala kuchipinda kuopa akuba.

Nditabweranso patapita masabata angapo, inali nyengo yosoka fodya. Agogo salimanso fodya, koma chaka chilichonse ankakhala m'chigafa cha oyandikana nawo kuthandiza kusoka. Ntchito imeneyi sifuna maso kwenikweni, imafuna zala, ndipo m'chigafa ndi mmene muli nkhani zonse za m'mudzi. Tsikulo linali Loweruka, kuchigafa kunkamveka phwete, koma agogo ndinawapeza okha pakhonde akusenda nkhwani. Ndinayang'ana zala zawo. Nyengo imeneyi zimakhala zakuda bii ndi utomoni wa fodya, sopo osachotsa. Zinali zoyera.

"Simunapite kosoka?"

"Msana."

Ndinalowa m'nyumba. Pawindo pamene anthu ankasiya mafoni awo kuti atchajidwe panalibe foni ngakhale imodzi. Zingwe zinangolendewera. Sindinafunsenso. Ndinatenga ndowa n'kupita kumjigo, ndipo panjira ndinakumana ndi amake mapasa, eni chigafa chija, amene akhala moyandikana ndi agogo kuyambira ine ndisanabadwe. Ndinawapatsa moni. Anayankha bwinobwino, koma maso ali pa ndowa yanga.

Zimene zinachitika agogo anandiuza titatha kudya, akuseka kuseka kouma. Amake mapasa anabwera tsiku lina madzulo kudzatenga foni yawo, agogo ali kudimba. Sanaione pawindo, ndiye analowa kuchipinda kumene kuli batire, monga ankachitira nthawi zonse. Anamva kanthu kakung'ung'uza kunsi kwa bedi. Anagwada, n'kuvundukula chitenje, n'kuona kadiso kobiriwira kakuphethira. Atakhudza, chinthucho chinali chofunda. Nthawi yomweyo mawu a mwamuna anayamba kulankhula m'nyumba mopanda munthu. Anathawa osatseka chitseko. Sabata lomwelo mdzukulu wawo anatentha thupi.

"Akuti ndikuweta chinthu," anatero agogo. "Ine nkhuku zikundikanika."

Sindinaseke. Mayi anga ndi bambo anga anamwalira motsatana ndili wamng'ono, zaka zija maliro ankachuluka. Mwana wosalankhula anthu amamuiwala kuti ali ndi makutu, ndiye ndinkamva zonse ndikamadikira pamjigo: kuti agogo anadya mwana wawo ndi mkamwini yemwe, kuti inenso akungondinenepetsa. Palibe amene anabwera kudzawanena pamaso. Anthu anangosiya kudzabwereka sefa, ana anayamba kulambalala pabwalo pathu. Zinatenga zaka kuti zimenezi zizilale, ndipo zinazilala chifukwa agogo sanasiye kupita kumaliro, kutchalitchi ndi kuchigafa, mpaka anthu anatopa ndi kuwaopa. Tsopano anali okalamba, maso akutha, ndipo ine sabata yonse ndimakhala kutali. Zaka zina zoti adikire anthu atope analibe.

"Mawa ndibwerera nalo ku Mponela," ndinatero.

"Ukalichotsa ndiye adzati chinalipodi, mdzukulu wachithawitsa usiku. Likhale pompano."

"Ndiye ndiwafotokozere."

"Iwe? Ufotokoze?" Anandiyang'ana ndi maso awo achifunga aja. "Uwaonetsa chiyani, poti ngakhale ine sindinachionepo chimene chili m'katimo?"

Funso limeneli ndinayenda nalo sabata yonse. Bokosilo linalibe choonetsa. Ngakhale ndikanalumikiza sikirini, anthu akanaona mdima ndi tizilembo ta Chingerezi tikuthamanga, zimene zikanangowonjezera nkhani.

Loweruka lotsatira ndinabwereka sikirini yakale, kiyibodi ndi mausi, n'kuzikulunga m'bulangete ndi pulasitiki. Abwana atandiona ndikumangirira panjinga yamoto anafuula ali pakhomo la shopu, "Wayamba kuonetsa mafilimu kumudzi? Uzitiuza tidzalipire!" Ndinangowaimikira dzanja.

Kwathu netiweki imapezeka pachulu chokha, ndiye zowonjezera desikitopu pa intaneti sizikanatheka. Njira inali kuyambiranso kuika pulogalamu yonse kuchokera pafulashi, pamene panali zonse. Nyimbo ndi zithunzi zinali pa disiki ina yachiwiri, yaikulu, ndiye sizikanafufutika ngati ndikanasamala.

Khonde la agogo layang'ana kanjira kochokera kuchigafa kupita kumjigo. Ndinatulutsa tebulo, n'kudutsitsa chingwe cha magetsi pawindo. Bokosi lija ndinalitulutsa kunsi kwa bedi dzuwa likuswa mtengo, n'kumasula chivundikiro chake, n'kuyamba kupukuta fumbi ndi nthenga ya nkhuku. Sindinaitane munthu. Agogo anayala mphasa pambali panga.

Anayamba kuima ndi ana, chapatali. Kenako abambo awiri ochokera kothyola fodya, mmodzi atasenza mikangala, mitengo yoyanikapo fodya. Amake mapasa anatulukira ndi ndowa pamutu, ndipo ataona tebulo anafulumiza mapazi.

"Amake mapasa!" anaitana agogo. "Bwerani mudzaone chiweto changa akuchitumbula."

Abambo aja anaseka mosamasuka. Amake mapasa anaima pansi pa mtengo wa mango, kumalire kwa bwalo, ndowa ikadali pamutu.

"Ine ndikupita kumadzi, agogo."

"Mjigo suthawa. Onani matumbo ake, mwina mupezamo chiwindi."

Bambo wa mikangala uja ndi amene anayandikira. Anasuzumira m'bokosi, n'kuona tizingwe ndi kafani. Nditayatsa, kafaniko kanazungulira n'kuyamba kung'ung'uza. Anabwerera pang'ono, kenako anati, "Aa, ngati ka m'galimoto kaja." Anayang'ana kumtengo wa mango, koma amake mapasa sanasunthe.

Ndinalowetsa fulashi. Ndinali nditatsimikiza kuti funso lililonse limene kompyuta ifunse ndiliwerenga mokweza m'Chichewa, ndi yankho langa lomwe. Mawu anga sapita patali, moti kangapo agogo anandigunda ndi chigongono kuti ndikweze.

Bokosilo linafunsa chilankhulo, ndipo Chichewa munalibe. Linafunsa dziko, ndinasankha Malawi, ndipo pa za nthawi panatuluka Blantyre.

"Blantyre?" anatero bambo winayo. "Ife a ku Dowa tilibe nthawi?"

"Mukanakhala nayo bwenzi mukufika m'tchalitchi ulaliki usanathe," anayankha agogo.

Kenako linafunsa dzina. Kompyuta yokhala seva imayenera kukhala ndi dzina loti mafoni aziidziwira. Ulendo woyamba ndinangolembapo zilembo zopanda tanthauzo. Ndinati, "Apa ikufuna dzina," ndipo zala zanga zinali kale pa kiyibodi.

"Taima," anatero agogo. Anatembenukira kumtengo wa mango. "Dzina sitingatche ife eni nyumba. Amake mapasa, amene munayamba kumuona mwanayu ndinu. Mutcheni."

Aliyense ankadziwa kulemera kwa pempholo. Kwathu munthu ukapemphedwa pagulu kuti utche dzina sukana wamba, ndipo ukatcha, mwanayo ndi wakonso. Sungadzamunenenso kumbali.

"Ine nditche dzina chitsulo?" anatero amake mapasa.

"Lero chakhala chitsulo? Ine ndimamva kuti n'chamoyo."

Bambo wa mikangala anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinaganiza kuti agogo apyola malire ndipo mayiwo achoka osadzabweranso. Amake mapasa anatula ndowa pansi pang'onopang'ono, n'kumanganso chitenje chawo.

"Munandiopseza, agogo," anatero, mawu atatsika. "Munthu kulankhula kunsi kwa bedi. Mwana n'kudwala sabata lomwelo. Inu mukanatani?"

"Ndikanathawa kuposa inu. Koma ndikanabwerako m'mawa kudzafunsa."

Amake mapasa anayang'ana bokosi lija patebulo. Kenako anati, "Ndi Wosagona ameneyo. Usana ndi usiku kumangong'ung'uza."

Ndinalemba. Anayandikira mpaka pa sitepe ya khonde kuti aone ngati ndalembadi, ndipo anawerenga okha chilembo chimodzichimodzi.

Pa mawu achinsinsi ndinaphimba kiyibodi ndi dzanja n'kunena kuti ali ngati pini ya pafoni, ndipo palibe amene anadabwa. Pa funso la disiki yoti ifufutidwe ndinasiya kulankhula. Ndinawerenga kukula kwa madisiki onse awiri mobwerezabwereza, n'kusankha yaing'ono.

Kenako linabwera tsamba lija la tinyenyezi. Ndinayang'ana kumwamba. Kumapiri a ku Ntchisi mitambo inali itayamba kuda, ndipo ndinkadziwa kuti m'nyengo ino batire silidzaza. Mawu a abwana anali akadali oona monga analili ku Mponela. Koma pakhonde paja panali anthu amene ankadikira kuona kanthu.

"Aka ndi ka nkhope," ndinatero. "Tikakasankha, muziona zonse zili m'katimu ndi maso, ngati pafoni. Koma batire lizitha msanga, mwina mafoni ena osadzaza."

"Ikani," anatero amake mapasa. "Chinthu chizioneka."

Panali mitundu ingapo ya desikitopu, ina yokongola koma yolemera. Ndinasankha yopepuka kuposa yonse. Za makina osindikizira ndinachotsa, poti tilibe. Pulogalamu yogawira zinthu ku mafoni sindinaichotse, ndipo sizinavute kufotokoza: munthu akaima pabwalo pano, foni yake izitha kutenga nyimbo ndi zithunzi pa waifai popanda bandulo. Pamenepa ngakhale ana aja anasendera pafupi.

Panatsala kanyenyezi kamodzi, kamene ulendo woyamba ndinakasankha mosaganizira n'komwe, chifukwa ndi kamene kamalola munthu kuyendetsa seva kuchokera pa kompyuta ina, osaikhudza. Kwa anthu a ntchito yathu, seva yopanda kameneka ndi yachibwana. Ndinayesa m'mutu mmene ndinganenere: kuti ndikhoza kuilamula ndili poti simukundiona. Sindinapeze mawu amene akanamveka bwino pabwalo paja. Ndinachotsa kanyenyeziko.

"Ako bwanji?" anafunsa amake mapasa, amene tsopano ankatsatira chala changa.

"N'koyendetsera bokosili munthu uli pena. Sitikafuna. Wofuna kuligwiritsa ntchito azikhala pompano, anthu akumuona."

Anagwedeza mutu movomereza.

Kuika kunatenga nthawi. Kamzera kankakwawa pasikirini, abambo aja anapita kukatula mikangala, amake mapasa anakatunga madzi. Ndinkaopa kuti sabwerera, komanso kuti magetsi atha zinthu zili pakati, anthu n'kudzapeza mdima womwe uja. Mphepo ya mvula inayamba kuwomba, agogo n'kukaanula nyemba. Koma mvulayo inatsata phiri n'kutilambalala, ndipo amake mapasa anabwerera, atatsagana ndi amayi ena awiri a kuchigafa, zala zawo zili bii.

Kompyuta inazima n'kudziyatsanso, ndipo panatuluka nkhope yobiriwira ndi kamuvi pakati. Ndinatsegula disiki yaikulu ija. Zonse zinalimo. Ndinafufuza zithunzi za chinkhoswe cha mmodzi wa mapasa aja, chimene ndinajambula chaka cham'mbuyo, n'kutsegula chimodzi. Amake mapasa anadziona okha akuvina, lichero lili m'manja, kukamwa kuli yasa.

"Mayo ine! Chotsani icho!"

"Ayi, chisiyeni!" anatero amayi ena aja, akugwirana mapewa ndi kuseka. "Taonani mwendowo!"

Agogo anasendeza nkhope pafupi ndi sikirini mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza. "Ndikungoona chitenje," anatero, "koma kavinidweko ndakazindikira."

Kenako ndinatenga dzanja la amake mapasa n'kuliika pa mausi. Linali lolimba, lomata ndi utomoni. Ndinawatsogolera mpaka pa chaputala china cha Baibulo n'kuwauza kuti akanikize. Mawu a mwamuna uja anatuluka pa kasipika.

"Kanikizaninso," ndinatero.

Mawu analeka pakati pa vesi. Anakanikizanso okha, mawu anapitiriza. Anakanikizanso, analeka.

"Koma abambowa ndi omvera," anatero. "Akanakhala chonchi a kunyumba kwanga, bwenzi ndili wonenepa."

Madzulo ake ndinakonza zotsala. Zodziyambira zokha zija sindinazibwezeretse. M'malo mwake ndinasankha batani limodzi la pa kiyibodi loyambitsa ndi kuletsa kuwerenga, n'kumatapo batani la malaya kuti agogo azilipeza ndi chala. Bokosi, sikirini ndi sipika zinakhala pabalaza, moyang'anana ndi chitseko. Agogo anadandaula za akuba, koma sanalimbikire.

Sikuti zonse zinatha tsiku limenelo. Pali banja lina limene mpaka lero silibweretsa foni kwa agogo. Mdzukulu wa amake mapasa anali atachira kale, atalandira mankhwala a malungo kuchipatala, koma palibe amene anabwera kudzanena kuti tinalakwa, ndipo ife sitinayembekezere zimenezo. Batire nalo limathadi msanga. Kukachita mitambo masiku otsatizana, bokosi limazima lisanafike madzulo, ndipo abwana ndikawauza amangoti, "Ndinanena ine."

Lolemba m'mawa ndinachedwa dala kunyamuka. Ndikumanga chikwama, ndinamva "Odi!" pakhomo. Anali amake mapasa, atanyamula kansalu koyera koluka ndi manja, kamene kankakhala pa kabati yawo.

"Musadzati ndinatcha dzina n'kubwera manja okha," anatero. Analowa okha pabalaza n'kuyala kansaluko pamwamba pa sikirini, n'kukakonza m'makona. Ndinawapempha kuti asaphimbe bokosi lenilenilo chifukwa limafuna mpweya.

"Ndamva kale, limapuma," anatero. Kenako anatembenukira kwa agogo, amene anali pamphasa akumwa tiyi. "Fodya wa Loweruka wangounjikana. Atsikana aja akusoka ngati akulumikiza matumba, masamba akungogwa pa mikangala. Mubwera, kapena msana ukadali?"

"Msana ukadali," anatero agogo. Anamaliza tiyi wawo osafulumira, n'kugwira khoma podzuka. "Koma sindisokera msana."

Ali pakati pa bwalo, amake mapasa anacheuka.

"Achimwene, musanapite, sendezani kasipikako pawindo. Muike za kwaya ya kwathu, osati za ku Lilongwe zija. Mukweze, zizimveka kuchigafa."

Kunja kunali mitambo, ndipo ndinkadziwa kuti pofika masana batire likhala litatsika. Ndinasendeza sipika, n'kukweza mpaka pamapeto.